Nambala Zothamanga Pansi pa Kanema: Mmene Timecode Imagwirira Ntchito

M'nyumba zambiri za m'boma la Chiradzulu, kuyambira ku Njuli ndi ku Mbulumbuzi mpaka ku Thumbwe ndi ku Namitambo, muli makatoni a matepi akale a vidiyo. M'matepiwo muli maukwati a makolo athu, makwaya amene anabalalika kalekale, misonkhano ya misasa ndiponso nkhope ndi mawu a anthu amene anatisiya. Tsiku lina munthu adzatipempha kuti timupezere pamene agogo ake ankapereka malangizo pa ukwati wina wa mu 2003. Tepiyo ndi ya maola atatu, ndipo malangizowo ndi a mphindi ziwiri zokha. Kodi tidzawapeza bwanji? Nanga titawapeza, tingamuuze bwanji mnzathu malo enieniwo kuti nayenso akawapeze mawa popanda kuonera tepi yonse?

Akatswiri a wailesi ya kanema anakumana ndi vuto lomweli zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo njira imene anapeza amaitcha timecode. Ambiri a ife tinazionapo nambala zimenezi zikuthamanga m'kabokosi kakuda m'munsi mwa kanema, kapena pa kompyuta ya mnzathu amene amaedita nyimbo za kwaya. Tiyeni tione chimene nambalazo zimatanthauza, kumene zimakhala pa tepi, ndi chifukwa chake zikufunikabe ngakhale matepi akutha.

Chithunzi chilichonse ndi nambala yake

Kanema ndi zithunzi zoima zimene zimasinthana mofulumira kwambiri moti maso athu amaona ngati zikuyenda. Chithunzi chimodzi chotero amachitcha felemu. Malawi, monga mayiko ambiri a mu Africa ndi ku Ulaya, anatsata njira yotchedwa PAL, imene imaonetsa mafelemu 25 pa sekondi iliyonse. Choncho m'mphindi imodzi muli mafelemu 1,500, ndipo mu ola limodzi muli mafelemu 90,000.

Timecode imapatsa felemu iliyonse nambala yakeyake ya zigawo zinayi: maola, mphindi, masekondi ndi mafelemu. Tikaona 01:12:08:20, ndiye kuti tili pa ola loyamba, mphindi ya 12, sekondi ya 8, felemu ya 20. Gawo lomalizali limawerenga kuyambira 00 mpaka 24, kenako limabwerera pa 00 ndipo sekondi imawonjezeka ndi imodzi. Zili ngati mmene buku, chaputala ndi ndime zimathandizira mpingo wonse kutsegula malo amodzi nthawi imodzi, ngakhale Mabaibulo athu atasiyana kukula ndi masamba. Chofunika kwambiri n'chakuti nambalayi imalembedwa pa tepi penipenipo, pamodzi ndi chithunzicho. Tepiyo ikapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kuikidwa m'makina ena, felemu ija idzapezekabe pa 01:12:08:20.

Vuto limene linabala timecode

Filimu ya m'makamera akale ankaiyang'anitsa ku dzuwa n'kuona zithunzi zili ndondondo, ndipo mkonzi ankadula ndi lumo pamene wafuna. Tepi ya vidiyo siili choncho. Ndi kansalu kapulasitiki kopakidwa zinthu zogwira maginito, ndipo ngakhale titaiyang'anitsitsa sitingaonepo chithunzi chilichonse. Kampani ya Ampex ya ku America itatulutsa makina oyamba ojambulira kanema pa tepi mu 1956, tepi yake inali yotambalala mainchesi awiri. Akonzi a nthawi imeneyo ankaipaka madzi okhala ndi tizitsulo tosalala ngati ufa kuti mizere ya maginito ioneke, n'kuiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, kenako n'kuidula ndi lezala. Akaphonya pang'ono, chithunzi chinkadumpha pa malo olumikizawo, ndipo tepi yodulidwa sinkabwereranso mwakale.

Pambuyo pake anayamba kukopera zigawo za kanema kuchoka pa tepi ina kupita pa ina, osadulanso. Koma makina ankafunika kudziwa poyambira ndi pothera. Poyamba ankadalira timadontho ta maginito timene timalembedwa m'mphepete mwa tepi kuti liwiro lake lisasinthe. Makina ankangowerenga timadonthoti: kamodzi, kawiri, katatu. Tsoka lake, timadontho tonse n'tofanana. Tepi ikaterereka pang'ono poibweza, chiwerengero chinkasokonekera, ndipo ikatulutsidwa m'makina chiwerengero chonse chinkatayika. Mu 1967 kampani ya EECO ya ku California inatulutsa njira yolemba nthawi yeniyeni pa tepi. Makampani ena anabweretsanso njira zawozawo zimene sizinkamvana, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene bungwe la akatswiri a kanema la SMPTE ku America ndi la nyumba zoulutsira mawu la EBU ku Ulaya anagwirizana za njira imodzi. Ndiyo imene tikugwiritsabe ntchito lero.

Kuno kwathu wailesi ya kanema inachedwa kufika. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, nthawi imene nyumba za kanema padziko lonse zinkadalirabe matepi monga Betacam SP ya kampani ya Sony. Choncho ntchito ya kanema m'dziko muno inayamba timecode ili kale chida cha tsiku ndi tsiku cha mkonzi.

Kodi nambalazo zimakhala pati?

Pa matepi akale pali njira ziwiri zikuluzikulu zolembera timecode. Yoyamba ndi LTC, imene imalembedwa motsata utali wa tepi ngati mmene mawu amalembedwera. Kunena zoona, LTC ndi phokoso ndithu. Tikailumikiza ku sipika timamva kulira kosasangalatsa ngati kwa nkhululu zambiri. M'kuliramo muli uthenga wa makompyuta, wa 0 ndi 1, umene timautcha mabiti. Felemu iliyonse ili ndi mabiti 80. Mwa amenewa, 26 amanyamula nthawi, 32 ndi a mwini kamera kuti alembemo zimene akufuna monga tsiku kapena nambala ya tepi, 16 ndi chizindikiro chosonyeza pamene felemu yathera, ndipo otsalawo amauza makina zinthu zina monga mtundu wa kawerengedwe. Pa mafelemu 25, ndiye kuti mabiti 2,000 amadutsa pa sekondi iliyonse.

Kalembedwe kake n'kochenjera. Mphamvu ya magetsi imatembenuka pa chiyambi cha biti iliyonse. Ikatembenukanso pakati pa bitiyo, ndiye kuti ndi 1, ndipo ikapanda kutero ndi 0. Popeza makina amangowerenga kutembenukako, amatha kumva uthengawo tepi ikamathamanga kapena ikamabwerera m'mbuyo. Chizindikiro cha mabiti 16 chija chimamveka mosiyana chikawerengedwa chobwerera, motero makina amadziwanso kumene tepi ikulowera. Koma LTC ili ndi chofooka chimodzi: monga mawu a pa kaseti, tepi ikaima nayonso imakhala chete. Pamene mkonzi waimitsa chithunzi kuti asankhe podula, m'pamene LTC imasowa chonena.

Njira yachiwiri, yotchedwa VITC, inabwera kudzatseka mpata umenewu. Chithunzi cha PAL chili ndi mizere 625, koma si yonse imene imaoneka pa TV. Ina ya pamwamba imabisika, ndipo m'mizere iwiri yobisikayo, kawirikawiri wa 19 ndi wa 21, amalembamo mabiti 90 ngati timadontho toyera ndi takuda. Popeza timadonthoti tili m'chithunzi momwemo, ndipo mitu yowerenga chithunzi imazungulirabe ngakhale tepi itaima, VITC imawerengeka chithunzi chili chiimire. Nayo imalephera tepi ikathamanga kwambiri. N'chifukwa chake makina a akatswiri ankagwiritsa ntchito zonse ziwiri: LTC pothamanga, VITC poyenda pang'onopang'ono ndi poima.

Nambala zimene timaziona m'kabokosi kakuda pa chithunzi ndi chinthu china. Zimenezo amachita kuzidinda pa kope la kanema kuti munthu aziwerenge ndi maso, ndipo zikadindidwa sizifufutika. Amazidinda pa kope loonera chabe, osati pa tepi yoyambirira.

Nanga matepi a VHS amene ali m'makatoni mwathu? VHS wamba, imene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976, ilibe timecode. Nambala zimene zimaoneka kutsogolo kwa deki zimachokera ku timadontho towerengedwa tija, n'chifukwa chake zimabwerera pa ziro tikatulutsa kaseti n'kuilowetsanso. Matepi aang'ono a MiniDV, amene anabwera mu 1995 ndipo anajambula maukwati ndi nyimbo zambiri za m'zaka za m'ma 2000, ali ndi timecode yeniyeni, ndipo amasunganso tsiku ndi nthawi imene kanemayo anajambulidwa ngati wotchi ya kamera inatcheredwa bwino.

Mmene mkonzi ankagwirira ntchito

Tiyeni titenge chitsanzo cha pafupi. Pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limakumbukira John Chilembwe, ndipo anthu amasonkhana ku Providence Industrial Mission ku Mbombwe, mishoni imene iye anaikhazikitsa mu 1900. Mwambo wotere umatenga maola angapo: mapemphero, makwaya, zoyankhula za akuluakulu. Tiyerekeze kuti wojambula wabwerako ndi matepi atatu, ndipo pa nkhani za madzulo apatsidwa mphindi zitatu zokha.

Wojambula wodziwa ntchito amatchera kamera kuti tepi yoyamba iyambire pa ola la 01, yachiwiri pa 02, yachitatu pa 03. Motero nambala ya ola imanena yokha tepi imene ikufunika. Akafika ku situdiyo, mtolankhani amaonera matepiwo ali ndi pepala m'manja n'kumalemba poyambira ndi pothera pa chigawo chilichonse chimene wachikonda. Tinene kuti wasankha chithunzi cha kwaya kuyambira 01:12:08:20 mpaka 01:12:15:05. Kutalika kwake tikupeza pochotsera, koma tikumbukire kuti pobwereka sekondi timabwereka mafelemu 25, osati 10 kapena 100. Masekondi 15 ndi mafelemu 5 n'chimodzimodzi masekondi 14 ndi mafelemu 30. Tikachotsapo masekondi 8 ndi mafelemu 20, patsala masekondi 6 ndi mafelemu 10.

M'chipinda choeditira munkakhala madeki awiri kapena kuposerapo: ina yoseweretsa tepi yojambulidwa, ina yolembera tepi ya pulogalamu, ndi kamakina kowalamulira onse. Tepi ya pulogalamu ankayamba aijambula chithunzi chakuda kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'cholinga choti ikhale kale ndi timecode yosaduka. Mkonzi akalowetsa nambala zitatu, monga poyambira ndi pothera pa tepi yoseweretsa ndi poyambira pa tepi ya pulogalamu, makina ankawerengera okha nambala yachinayi. Kenako madeki onse ankabwerera m'mbuyo masekondi pafupifupi asanu, n'kuyamba kuyenda limodzi. M'masekondi amenewo kamakina kaja kankafananiza nambala za matepi awiriwo, kufulumiza ina kapena kuichedwetsa, kufikira zitayenderana. Zikafika pa felemu yosankhidwayo, deki yolembera inkayamba kulemba, osaphonya ndi felemu imodzi yomwe.

Mndandanda wa nambala zonsezi amautcha EDL, ndipo unasintha kagwiridwe ka ntchito. Makina abwino anali okwera mtengo kwambiri, ndiponso tepi yakale ikamakoperedwa mobwerezabwereza chithunzi chimafooka, monga tonse tinaonera pa makaseti okoperedwa kangapo m'mavidiyo sho a m'misika. Ndiye akonzi ankasankhira zigawo pa makope otchipa okhala ndi nambala zodindidwa zija, mosathamanga, n'kupita ndi mndandanda wokha ku makina odulawo. Kumeneko makina ankasonkhanitsa pulogalamu kuchokera ku matepi oyambirira m'nthawi yochepa.

Pakakhala makamera angapo pa mwambo umodzi, pamafunika njira ina. Timecode ingatcheredwe kuti iziyenda pokhapokha kamera ikamajambula, kapena kuti iziyenda mosalekeza ngati wotchi ya pakhoma. Makamera atatu akapatsidwa nthawi imodzi kuchokera ku chipangizo chimodzi mwambo usanayambe, ndiye kuti 10:42:17:03 ya kamera yoloza kutsogolo ndi mphindi yomweyo pa kamera yoloza anthu ndi pa makina ojambula mawu. Mkonzi angadumphe kuchoka pa kamera ina kupita pa ina nyimbo osaduka. Izi n'zofunika chifukwa felemu imodzi imatenga gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, ndipo mawu akasiyana ndi milomo ndi mafelemu atatu kapena anayi okha, woonera amayamba kuona kuti china chake chalakwika.

Misampha itatu

Msampha woyamba ndi kuduka kwa timecode. Unkachitika kawirikawiri pa MiniDV. Wojambula akabweza tepi kuti aone zimene wajambula, kenako n'kuipititsa kutsogolo mopyola pamene anathera, pankatsala mpata wopanda kanthu. Kamera ikapeza malo opanda nambala imayesa kuti ndi tepi yatsopano n'kuyambiranso pa 00:00:00:00. Zikatero tepi imodzi imakhala ndi malo awiri a nambala zofanana, ngati mudzi wa nyumba ziwiri za nambala imodzi, ndipo kompyuta ikatumidwa kukatenga chigawo imatha kubweretsa cholakwika. Mankhwala ake anali kujambula masekondi angapo owonjezera pamapeto pa chigawo chilichonse, n'kuyambira chotsatira pamwamba pa masekondi amenewo.

Wachiwiri ndi pakati pa usiku. Timecode imathera pa 23:59:59:24 n'kuyambiranso pa ziro. Pulogalamu ikayambira pa 00:00:00:00, masekondi asanu obwerera m'mbuyo aja amagwera pa ola la 23, ndipo makina amasokonezeka poganiza kuti malo amene akuwafuna ali kutali kwina. N'chifukwa chake ku Britain mapulogalamu amayambira pa 10:00:00:00, ndipo ku America pa 01:00:00:00. Mpaka pano mapulogalamu ena oeditira pa kompyuta amatsegukira pa ola la 01, ndipo si kuti alakwitsa.

Wachitatu umakhudza aliyense amene analandirako tepi kapena kamera kuchokera kwa abale a ku America. Kumeneko ankagwiritsa ntchito NTSC, imene poyamba inali ndi mafelemu 30 pa sekondi. Atawonjezera mitundu mu 1953, liwiro linatsika pang'ono kufika pa 29.97. Timecode yowerenga 30 imatsalira m'mbuyo mwa wotchi ndi mafelemu 108 pa ola, omwe ndi masekondi pafupifupi 3.6. Pofuna kukonza zimenezi anapanga kawerengedwe kotchedwa drop frame, kamene kamadumpha nambala 00 ndi 01 pa chiyambi cha mphindi iliyonse, kupatula mphindi ya 00, 10, 20, 30, 40 ndi 50. Palibe chithunzi chimene chimatayidwa. Zimene zimadumphidwa ndi nambala chabe. Ife a mafelemu 25 tilibe vuto limeneli, koma tikasakaniza makamera, ina pa 25 ina pa 29.97, tidzakumana nalo poedita.

Lero ndi mawa

Makamera a masiku ano amajambula pa memori khadi, komabe timecode ikadalipo mkati mwa mafayilo a makamera aukatswiri, ndipo mapulogalamu ambiri oeditira amayendera nambala zinayi zomwe zija. Mafoni athu ndi amene amavuta. Ambiri salemba timecode yogwirizana ndi zipangizo zina, ndipo amasinthasintha chiwerengero cha mafelemu malinga ndi kuwala. Kwa ife amene timajambula makwaya ndi mafoni awiri kapena atatu, njira ndi yosavuta: titchere onse pa chiwerengero chimodzi cha mafelemu, tiwayatse onse, kenako munthu mmodzi aombe m'manja kamodzi pamene makamera onse akumuona. Felemu imene manja akhudzana ndiyo idzakhale polumikizira. M'mera m'poyamba: masekondi asanu amenewo amapulumutsa usiku wonse wolimbana ndi milomo yosemphana ndi nyimbo.

Za matepi a m'makatoni aja, nthawi yatsala pang'ono. Kampani ya Funai ya ku Japan, imene inali yomaliza kupanga madeki a VHS, inasiya mu 2016. Mu 2019 bungwe la UNESCO, mogwirizana ndi bungwe la osunga zojambulidwa la IASA, linachenjeza kuti makina oseweretsa matepi a maginito akutha ndipo zambiri zimene sizinakoperedwe zidzatayika. Kwathu kuno chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni chimameretsa nkhungu pa matepi, ndipo namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakantha kwambiri Chiradzulu ndi maboma oyandikana nawo, anatiphunzitsa kuti katundu wa m'nyumba angathe kupita usiku umodzi.

Choncho mpingo kapena banja limene lili ndi matepi lingayambe ndi zinthu zochepa izi. Tithyole kachibano kakumbuyo kwa kaseti ya VHS kuti wina asajambulepo mwangozi. Tisunge makaseti choimika, pamalo ouma ndi okwera, kutali ndi masipika chifukwa ali ndi maginito. Tepi imene yachita nkhungu tisaiike m'deki tisanaonane ndi wodziwa, chifukwa imadetsa mitu n'kuwononganso matepi ena. Pokopera MiniDV tifunefune kompyuta yolandira chingwe cha FireWire, chimene chimasamutsa chithunzi, mawu, timecode ndi tsiku lojambulira monga zilili. Ola limodzi limatenga malo pafupifupi magigabaiti 13. Zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, zimadutsitsa chithunzi ndi mawu okha, nambala zonse n'kutsala pa tepi.

VHS ikakoperedwa pa kompyuta, fayiloyo imakhala ndi chiwerengero chake choyambira pa ziro. Fayilo yoyambirira imeneyo tisaidule ngakhale pang'ono, kuti nambala zake zisasunthe. Kenako tikhale pansi ndi achikulire amene analipo pa mwambowo, tionere limodzi, tilembe m'kope: tepi yakuti, mphindi yakuti ndi sekondi yakuti, akuyankhula ndani, kwaya ndi ya kuti, nyimbo ndi iti. Tepi ya maola atatu imafuna maola atatu oikopera ndi enanso oilemba, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kope limenelo ndilo lidzathandize mdzukulu amene adzatsegule fayiloyo zaka 30 zikubwerazi, pamene sipadzakhalanso munthu wozindikira nkhope zimene zikuoneka. Ntchitoyi ndi yoti tiyambe achikulirewo adakali nafe komanso madeki adakazungulira.